Khola lomwe ndinalitseka mpaka linayamba kutuluka thukuta

Mpaka lero ndikatsegula chitseko cha khola m'mawa sindiyamba ndi kuwerenga nkhuku, ndimayamba ndayang'ana kudenga. Ndimaunika ndi tochi ya pafoni kuti ndione ngati matabwa ali ouma kapena ayera ndi chisanu. Akakhala ouma mtima umakhala pansi, ndiyeno ndimayang'ana nkhukuzo. Chizolowezi chimenechi chinayamba mu January 2019 ndipo sichinandichokebe, moti mwana wanga wamkazi nayenso anatengera, amalowa m'kholamo nkhope ili m'mwamba.

Ndakhala ndikufuna kulemba nkhaniyi kwa nthawi yaitali chifukwa pa gulupu yathu ya WhatsApp chaka chilichonse ikafika October pamapezeka munthu wina wofunsa kuti abale, nkhuku zanga ndizifunditse bwanji sinowo isanayambe. Ndipo mayankho amene amabwera ndi omwe aja ndinkawakhulupirira ine: tsekani paliponse, ikani babu lotentha, kutirani mabulangete. Ndimawerenga mtima ukundipweteka.

## Mikolongwe m'sitolo ya ku Indiana

Timakhala kunja pang'ono kwa South Bend, mzinda wa ku Indiana ku America, dera lomwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Titapeza nyumba yokhala ndi kamalo kuseri, anzanga ankakamba za kapinga ndi malo ootcherapo nyama, ine mutu unali pa nkhuku basi. Kutauni kwathu amalola nkhuku zazikazi zowerengeka, tambala amakana chifukwa cha phokoso la m'bandakucha, ndiye ndinavomera, bola mazira.

Mu April 2018 ndinalowa m'sitolo yogulitsa zipangizo za ulimi ndipo munali anapiye m'mabeseni akuluakulu achitsulo, mtundu uliwonse ndi chikwangwani chake. Pa beseni lina panalembedwa kuti Black Australorp. Ndinaima pompo. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kale, izi ndi Mikolongwe zimene, nkhuku zakuda zija zonyezimira mobiriwira dzuwa likaziomba, zomwe dzina lake linachokera ku siteshoni ya ziweto ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Amayi anga ku Dedza anali nazo ndipo fizi yanga ina ya ku sekondale inachokera m'mazira ake. Ndinagula anapiye asanu osafunsa munthu. Wamkulu kwambiri mwa iwo mwana wanga anamutcha Nachisale.

Khola ndinamanga ndekha miyezi yotentha ija, masiku omwe sindinali pa shifiti. Pansi pake ndinayala pulaiwudi imodzi yathunthu, ija ya mamita 1.2 ndi 2.4, ndinaliimika pa mizati kuti lisagunde pansi, denga lamalata, kazenera kamodzi, komanso mpata waung'ono pakati pa khoma ndi denga chifukwa sindinadule matabwa molingana. Pogona nkhuku ndinapingasa mtengo wobulungira woonda ngati mpini wa tsache. Nkhuku zinakula bwino, mu September zinayamba kuikira, ndipo ndinkatumiza zithunzi kumudzi monyadira.

## Mantha a November

Amene simunakhaleko kuno, sinowo ya dera lathu ili ndi khalidwe lakelake. Mphepo yozizira ikachokera kumpoto chakumadzulo imadutsa pamwamba pa nyanja ya Michigan madzi ake asanasanduke ayezi, imanyamula chinyezi, ndiye ikafika kumtunda kuno imakhuthula zonsezo pa ife. Ukhoza kugona pabwalo pali mbee, kudzuka galimoto itakwiririka, pomwe tauni ina pamtunda wa mphindi makumi atatu chabe kulibe kanthu.

Sinowo yoyamba itagwa ndinaima pazenera la kukhitchini n'kumayang'ana kakhola kaja kali kokhakokha pakati pa kuyera konseko, ndipo ndinagwidwa mantha enieni. Ndinakumbukira June wa ku Dedza, momwe anapiye ankafera ndi chisanu usiku umodzi wokha, momwe amayi ankawatolera madzulo n'kuwavundikira ndi dengu kukhitchini pafupi ndi moto. Ndinakumbukiranso chaka changa choyamba kuno, kuima podikira basi zala zitafa dzanzi m'thumba. Ndinati ngati ine wovala majekete awiri ndikunjenjemera chonchi, kuli bwanji nkhuku yomwe ilibe ngakhale sokosi.

Ndiye ndinagwira ntchito ndi mtima wonse. Mpata wa pansi pa denga uja ndinaupopera fomu, thovu lija limatupa n'kulimba, mpaka unatsekeka. Kazenera ndinakamata pulasitiki ndi tepi. Makoma ndinawakutira kunja ndi tenti ya buluu, mkati ndinakhomerera mabulangete akale. Chigubu cha madzi ndinachilowetsa mkati kuti madzi asamaume ndi chisanu, ndipo pamwamba ndinakoloweka babu lofiira la mawati 250, lomwe lija ndinalerera anapiye. Ndikalowetsa mutu madzulo munkamveka kufunda ngati m'khitchini ya kumudzi nsima ili pamoto, ndipo ndinkapita kuntchito mtima uli m'malo.

Panali zizindikiro zomwe ndinkaziona koma osazimvetsa. Utuchi wapansi sunkauma ngakhale ndisinthe kawiri pa sabata. Fungo linkalasa m'mphuno. Nkhuku imodzi inkayetsemula. Ndinkangoti ndi mmene khola limakhalira nthawi yozizira.

## M'mawa umene uja

Munali mkati mwa January. Ndinaweruka shifiti ya usiku, ndinafika kunyumba cha m'ma hafu pasiti seveni kudakali mdima, poti kuno nthawi imeneyo dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa. Kachipangizo koyezera kuzizira ka pakhonde kankaonetsa madigiri pafupifupi 15 pansi pa ziro pa muyeso wathu wa Celsius. Ndisanalowe m'nyumba ndinayang'ana kuseri ndipo kuwala kofiira komwe kankatulukira m'mbali mwa chitseko cha khola kunalibe.

Ndinathamanga m'sinowo yofika m'maondo ndi nsapato za kuntchito zomwezo. Chitseko chinali chitamatirira, ndinachita kuchimenya ndi phewa. Chitatseguka fungo la amoniya linandilasa m'maso mpaka misozi. Nditaunika ndi foni, malata onse mkati anali atamera chisanu choyera ngati ubweya, msomali uliwonse wotulukira mkati unali ndi kamutu ka ayezi, mabulangete anga aja anali atauma gwaa ndi chisanu ngati chikopa. Babu linali litaphulika, magalasi ake ali mbwee pa utuchi. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti nthunzi inkakwera n'kukasanduka madontho pa malata ozizira, ndipo dontho limodzi linagwera pa galasi lotentha lija. Utuchi ukanakhala wouma usiku umenewo, mwina bwenzi ndikukamba nkhani ya moto.

Nkhuku zonse zisanu zinali zamoyo, zitaunjikana pa kamtengo kaja, nthenga zakumsana zili zonyowa. Koma Nachisale, tsumba lake lija, kanyama kofiira kapamutu komwe kanali kakakulu kuposa ka zinzake, nsonga zake zinali zitatuwa ngati phulusa ndipo nditakhudza zinali zolimba, zozizira. Tinyama tolendewera pansi pa mulomo natonso tinali titatupa. Ndinamunyamula n'kumuika mkati mwa jekete, ndinaima pamenepo osadziwa kolowera.

Neba wathu ndi madala ena opuma pantchito omwe anakulira pa famu ku Michigan. Anali panja akuchotsa sinowo pa msewu wolowera kwawo, ndipo atandiona ndaima ndi nkhuku pachifuwa anadutsa pa mpanda n'kubwera. Analowetsa mutu m'khola, sanakhalitse, anautulutsa akupukuta m'maso. Anati, "Khola lako likutuluka thukuta, mnyamata." Ndinawafotokozera kuti babu laphulika, ndithamangira kusitolo kukagula lina. Anapukusa mutu, anabwerera kwawo osayankha, ndipo patapita mphindi zochepa anatulukira ndi drill, makina oboolera, ndi kasowo kamagetsi.

Atayamba kung'amba tenti yanga n'kuika sowo pa khoma pansi pa denga, ndinawagwira mkono. Ndinati bambo, chonde, kunja kuno kukuzizira chonchi inu mukufuna kuboola? Nkhukuzi zifa lero lomwe. Sanakwiye. Anaika sowo pansi, anandivula gulovu, anatenga dzanja langa n'kulilowetsa pansi pa nthenga za nkhuku ina yomwe inali pamtengo, mpaka zala zinafika pakhungu. Munali motentha ngati mwa mwana wodwala malungo. Anati, "Hita ili nayo kale. Chomwe ilibe ndi njira yodziumitsira." Kenako analoza nsapato zanga zomwe zinali zitanyowa ndi sinowo n'kundifunsa kuti pathupi langa lonse ndi pati pomwe ndikumva kuzizira kwambiri panopa. Zinali zala zakumiyendo, ndipo ndinali nditasiya kuzimva. Anati ndi zomwezo, chonyowa ndi chomwe chimayamba kuuma ndi chisanu.

Ndinawasiya mkono. Anadula mipata iwiri yaitali pamwamba penipeni, umodzi kum'mawa wina kum'mwera, uliwonse wotambalala ngati chikhatho, ndipo ndinaona ndi maso anga nthunzi ikutuluka m'mipatamo ngati utsi wa m'khitchini. Chinyezi chonsecho chinali mkati ndi nkhuku zanga kuyambira November, nditachitsekera ndekha ndi manja angawa. Ndinalira pamenepo, madala aja anangopitiriza kukhomerera waya pa mipatayo osandiyang'ana, zomwe ndimawathokoza mpaka pano.

## Zomwe zinkachitika m'kholamo

Tsiku lomwelo tinatulutsa mabulangete, utuchi wonyowa wonse ndi chigubu cha madzi. Ali mkati mogwira ntchito ankandifotokozera pang'onopang'ono, zina ndinadzawerenga ndekha pambuyo pake.

Thupi la nkhuku yaikulu limatentha pafupifupi madigiri 41, kuposa lathu. Kukazizira imafutukula nthenga, mpweya umatsekeredwa pakati pa nthengazo n'kufunda, imabisa mutu kuphiko, imakhalira miyendo yake. Bola nthenga zikhale zouma ndipo mphepo isaziombe mwachindunji n'kuzitsegula. Anapiye omwe amayi ankawavundikira ku Dedza aja analibe nthenga zenizeni, ndiye chifukwa chake ankafa. Ine ndinatenga nzeru yolerera anapiye n'kuigwiritsa pa nkhuku zazikulu.

Tsono nkhuku imatulutsa madzi ambiri kuposa momwe timaganizira. Ikamapuma imatulutsa nthunzi, ndipo zitosi zake gawo lalikulu ndi madzi, komanso zambiri imachita usiku ili pamtengo. Nkhuku zisanu, usiku wa maola khumi ndi anayi kapena kuposa, m'kabokosi kotsekedwa paliponse, kuphatikiza chigubu cha madzi ndi babu lofunditsa. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri, umakwera, ukagunda malata ozizira umasiya madontho, madontho amagwera pansi pa nkhuku ndi pa utuchi. Chinyezi chija chimakhala pa tsumba, pa tinyama tapakhosi ndi pa zala, malo omwe alibe nthenga, ndipo kukazizira kwambiri ndi pomwepo pamayamba kuuma ndi chisanu. Amoniya wochokera m'zitosi zonyowa ndi amene ankapsereza maso ndi mapapo, kuyetsemula kuja kunali kumeneko.

Babu lija linali ndi vuto lachiwiri. Nkhuku zomwe zazolowera kufunda sizikonzekera chisanu monga zimachitira zinzake zomwe zalowa m'nyengoyo pang'onopang'ono, ndiye magetsi akazima usiku, kapena babu likaphulika ngati langali, zimagwa kuchokera kofunda kupita kozizira kwambiri m'maola ochepa, zili zonyowa kale. Ndipo chaka chilichonse kuno timamva za makola omwe apsa chifukwa cha mababu amenewa, nthawi zina moto n'kufika mpaka kunyumba.

Madala aja anayang'ananso kamtengo kanga kobulungira n'kukazula. Anabweretsa thabwa la 2x4 n'kuligoneka mbali yotambalala ili m'mwamba, pafupifupi masentimita 9. Pa kamtengo koonda nkhuku imafumbata ndi zala, zalazo zimalendewera panja pa nthenga usiku wonse. Pa thabwa lotambalala imaponda mapazi ali fulati n'kukhala pamwamba pake, mimba yofunda ija n'kuphimba zala zonse. Kanthu kakang'ono chonchi, ine sikanandibwerere m'mutu.

Za Nachisale anandiuza kuti ndisatikite tsumbalo, ndisalifunditse ndi chowumitsira tsitsi, ndisadule chilichonse. Tinamusunga m'garaja m'kabokosi, malo ozizirirapo koma osafika pouma madzi. Nsonga zija zinada bii patapita masiku angapo, ndipo patatha masabata zinauma n'kuthothoka zokha. Anasiya kuikira mpaka nyengo yofunda.

## Kumapeto kwa January

Sipanadutse nthawi yaitali kunabwera chisanu chija cha polar vortex, mpweya wozizira koopsa wochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Pa 30 January 2019 ku Chicago, mtunda wa maola awiri kuchokera kwathu, kunafika madigiri 23 pansi pa ziro pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 30 pansi pa ziro pa muyeso wathu. Masukulu anatsekedwa, ngakhale a positi ofesi anaimitsa kugawa makalata m'madera ambiri. Ukatuluka panja tsitsi la m'mphuno linkauma pompopompo.

Usiku umenewo sindinagone. Mipata ija inali yotsegula ndipo mtima wanga wonse unkandiuza kuti ndikaitseke, kawiri konse ndinavala jekete n'kuima pakhomo ndi nsanza m'manja. Akazi anga anandiuza kuti, "Bambo a mwana, munaona nokha zomwe kutseka kunachita, khalani pansi." Chomwe ndinachita ndikungotchinga theka la mpata womwe mphepo inkalowerako, kuthira utuchi wouma wambiri, ndi kuzipatsa chimanga chosweka madzulo kuti zigone zitakhuta.

M'mawa ndinatsegula chitseko dzanja likunjenjemera. Kudenga kunali kouma. Munalibe fungo. Mkati munali mozizira kwambiri, mwina kusiyana ndi panja madigiri ochepa chabe, koma nkhuku zinayi zija zinali pa thabwa zitafufuma ngati mipira, mitu ili m'mapiko, ndipo nditagwedeza chitini cha chakudya zinatsika imodziimodzi. Imodzi inali ndi kadontho kotuwa pa nsonga imodzi ya tsumba, komwe kanadzapola. Dzira lomwe ndinalipeza linali litauma ndi chisanu mpaka kung'ambika chikamba. Koma zonse zinali zoyenda, m'chisanu chowirikiza kawiri chija chinavulaza Nachisale.

## Khola lachiwiri

Mu May ndinaligumula lonse n'kuyambiranso, ulendo uno ndikuganizira sinowo ndi chinyezi kuyambira pa mzati woyamba.

Ndinalitalikitsa m'mwamba. Khola loyamba linali lalifupi moti mpata uliwonse womwe ungaboole umakhala pafupi ndi mitu ya nkhuku, mphepo n'kumaziomba zili m'tulo. Latsopanoli thabwa logonapo lili masentimita 60 kuchokera pansi, ndipo mipata yotulukira mpweya ili pamwamba kwambiri, kupitirira theka la mita kuchokera pamitu yawo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokoneza. Mphepo yoomba nkhuku pathupi ndi yoipa, koma mpweya wodutsa pamwamba pawo n'kutenga nthunzi ndi wofunika usiku uliwonse, ngakhale kuzizire bwanji. Oweta akuno amakonda kunena kuti nkhuku iliyonse ikhale ndi mpata wa pafupifupi masentimita 30 mbali zonse, ndipo ine ndinatsatira zimenezo, ndinangoikako tizitseko tamatabwa toti ndikhoza kuchepetsa mbali ya mphepo kukakhala chimphepo cha sinowo. Makoma a kumadzulo ndi kumpoto, komwe mphepo ya kunyanja imachokera, ndi otseka ndithu kuyambira pansi mpaka pafupi ndi denga. Zenera lagalasi lili kum'mwera kuti kadzuwa ka December kalowe, kachitseko ka nkhuku kali kum'mawa.

Denga ndinalipendeketsa kwambiri kuti sinowo izitsetsereka yokha, chifukwa sinowo yonyowa imalemera zedi ndipo denga lafulati limatha kuphwasuka. Pansi pa malata ndinayala pulaiwudi kuti nthunzi isamagunde chitsulo chozizira, ndipo dengalo linatuluka kunja masentimita 30 mbali zonse kuti sinowo isalowe m'mipata ija. Ndinaonetsetsanso kuti sinowo yotsetsereka izigwera kumbali, osati kutsogolo kwa chitseko, poti ndinali nditatopa kufukula khomo ndi fosholo m'mawa uliwonse. Mizati ndinaisiya yaitali, khola lili m'mwamba masentimita 60, ndiye pansi pake pamakhala pouma chaka chonse, ndinathirapo mchenga ndi phulusa, ndi pomwe zimasamba fumbi pamene dziko lonse lili loyera.

Pansi pa thabwa logonapo ndinaika shelefu yolandira zitosi. M'mawa uliwonse ndimapala ndi kachitsulo n'kutaya mu ndowa, mphindi ziwiri basi, ndipo chinyezi chambiri chimatuluka ndi ndowayo. Pansi ndimathira utuchi wa paini wokhuthala, ndikumaonjezera wouma pamwamba m'malo mochotsa wonse sabata ndi sabata.

Chomwe chinasintha kwambiri moyo wa nkhukuzi ndi bwalo lofolera. Nkhuku zanga zimadana ndi kuponda sinowo, zimaima pakhomo n'kubwerera, ndiye chaka choyamba chija zinkangokhala m'kabokosi usana ndi usiku, chinyezi n'kumachuluka. Pano kutsogolo kwa khola kuli bwalo lotchingidwa ndi waya, lofoleredwa pamwamba, ndipo November akafika ndimakuta mbali za kumadzulo ndi kumpoto ndi pulasitiki yoonekera, kusiya mpata pamwamba. Pansi ndimamwaza mapesi a tirigu ndi masamba ouma omwe ndimasunga m'matumba mu October. Zimatandala kumeneko zikupalasa. Chakudya ndi madzi zili komweko, osati mogona, ndipo chigubu chimakhala pa kambale kamagetsi kongofunditsa pang'ono kuti madzi asaume. Amenewo ndi magetsi okhawo omwe alipo. Denga la bwaloli linadzathandizanso mu 2022 pomwe chimfine cha mbalame chinapezeka ku Indiana kuno, chifukwa zitosi za mbalame zakutchire sizigweramo.

Za waya musanyengedwe ndi uja woonda wa maso akuluakulu. Kumudzi tinkaopa likongwe, vumbwe ndi kabawi, kuno kuli raccoon yemwe ali ndi manja ngati a mwana, amang'amba waya woonda ndipo amatsegula loko wamba, ndipo nthawi ya sinowo zilombo zonse zili ndi njala. Mpata uliwonse, ngakhale wapamwamba uja, ndinaukhomera waya wolimba wa timaso tating'ono ta theka la inchi, ndi masikuluwu osati timisomali.

Mazira amachepa December ndi January chifukwa nkhuku imafuna kuwala kwa maola pafupifupi 14 kuti iziikira bwino, pomwe kuno tsiku limafupika mpaka maola 9. Ena amaika kagetsi kuti azinamiza nkhuku, ine ndimazisiya zipume. Ochepa omwe alipowo ndimatola kawiri patsiku asanaume. Ndipo nditaonjezera nkhuku ndinatenga za mtundu wa Wyandotte, zomwe tsumba lake ndi lalifupi lomatirira pamutu, chisanu sichipeza pogwira. Mikolongwe ndimazikondabe ndipo zimapirira ndithu, koma tsumba loimirira lija ndi lomwe limafuna khola louma kwambiri.

## Amayi pa foni

Nditamaliza ndinaimbira amayi pa vidiyo kuti ndiwaonetse. Ndinazungulira ndi foni, ndinawaonetsa mizati, mipata ya pansi pa denga, thabwa logonapo, ndikufotokoza zonse zomwe madala a neba anandiphunzitsa. Anamvetsera mpaka kumapeto kenako anati, "Nanga khola lakwathu kuno unaliiwala? Linali ndi pulasitiki?"

Ndinakhala chete. Khola la kwathu linali pamwamba pa mizati, lolukidwa ndi nsungwi, lomatidwa dothi m'munsi mokha momwe mphepo ya chiperoni inkaomba, pamwamba pansi pa udzu panali mpata kuzungulira konse, ndipo pansi pake panali timipata moti zitosi zinkagwera kunja. Ndinalowetsamo dzanja kambirimbiri potola mazira ndili mwana ndipo sindikumbukira tsiku lomwe munali monyowa. Ndinawauza kuti amayi, kuno kumazizira kuposa ku Dedza kutali. Anati akudziwa, anaona pa zithunzi, koma nkhuku yaikulu sanaivundikirepo ndi dengu chibadwire.

Anafunsa kuti Nachisale ndi uti. Ndinamunyamula n'kumuyandikitsa ku kamera, tsumba lake losalala lopanda nsonga ngati lometedwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anandiuza kuti ndizimupatsa masamba a mpiru, ndipo ndimuike kumapeto kwa thabwa pafupi ndi khoma, poti nkhuku yovulala zinzake zimaijompha.